Dimba la Agogo

Mawu oyankhulidwa ndi gulu la aphunzitsi pamsonkhano wa ophunzira kuwerenga ndi kulemba, m'boma la Angonia

 

Lero tikambirana za dimba. Mwina wina afunsa kuti: kodi ana awa akufuna kutiphunzitsa kulima? Iyayi. Khasu munaligwira ife tisanabadwe. Kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi za ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano zimadziwika mpaka mumzinda wa Tete chifukwa cha manja anu. Nkhani yathu ndi ya dimba la munthu wokalamba. Tikufuna tione pamodzi chimene dimba limamchitira m'thupi ndi mumtima, ndiponso chimene ife ana tiyenera kuchita kuti agogo asalandidwe khasu nthawi isanakwane.

Agogo akatsala pakhonde

M'midzi yathu timamva kawirikawiri mawu awa: "Agogo, mwakula, khalani pansi, tikulimirani ndife." Mawuwa ndi aulemu. Koma tiyeni tione zimene zimatsatira.

Munda waukulu umapita kwa ana, ndipo zimenezi ndi zabwino. Dimba nalonso limatengedwa ndi mkamwini kapena mdzukulu wofuna kulima tomato wogulitsa. Pakapita nthawi ana ena amachoka kukafuna ntchito ku Moatize, ku Beira kapena ku Joni. Agogo amatsala pakhonde. M'mawa amaothera dzuwa kum'mawa kwa nyumba, madzulo amasunthira mphasa kumadzulo. Tsiku latha.

Munthu wotere miyendo imayamba kuuma. Nsima siikomanso. Usiku tulo sitibwera. Amaganiza za amene anamwalira, za ana amene sakutumiza uthenga, za mmene wasandukira katundu wa ena. Ndipo anthu opanda chifundo akaona gogo akuyankhula yekha, amayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti. Umu ndi mmene achikulire ena amathamangitsidwira m'midzi imene anamanga okha.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza achikulire, Lamulo nambala 3 la chaka cha 2014. Limanena kuti munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo ndi wachikulire, ndipo ayenera kulemekezedwa ndi kutetezedwa. Koma lamulo lili papepala. Ulemu weniweni uli m'zochita zathu pamudzi. Chimodzi mwa zochitazo ndi kuwasiyira agogo kadimba kawo.

Dimba limalimbitsa thupi

Thupi la munthu lili ngati khasu lomwelo. Likagona pakona limachita dzimbiri.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu, ngakhale wopitirira zaka 65, azigwiritsa ntchito thupi lake kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Tiyeni tiwerengetse monga timachitira m'kalasi. Mphindi 30 pa tsiku, kwa masiku 5, zikwana 150. Kuyenda kupita ku dimba, kuzulira udzu, kuthirira ndi kubwerera kunyumba, mphindi 30 zija zakwana kale. Ntchito yotere imathandiza mtima kupopa bwino magazi. Imathandiza kuchepetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Imalimbitsa miyendo kuti munthu asamagwe chisawawa, ndipo usiku munthu amagona.

Munda wa chimanga ndi dimba ndi zinthu zosiyana. Munda umafuna mphamvu zambiri pa nthawi imodzi: kuunga mizere, kupalira ndi kubandira mvula ili pamsana. Dimba limafuna mphamvu pang'ono, koma tsiku ndi tsiku. Ndicho chifukwa chake limayenerana ndi thupi lokalamba.

Tsopano chakudya. Bungwe lomwelo limati munthu azidya ndiwo zamasamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Ndiye kuti kutapa dzanja lodzaza kasanu. Kodi agogo opanda ndalama angagule zimenezi tsiku lililonse? Sangathe. Koma m'dimba muli mpiru, khwanya, nkhwani, kholowa ndi therere. M'mbali mwa mabedi mumamera bonongwe, luni ndi chisoso, zimene ena amazula ndi kutaya ngati udzu. Masamba obiriwira kwambiri amenewa amathandiza magazi ndi maso, ndiponso amafewetsa m'mimba kwa amene amavutika ndi kudzimbidwa.

Tikumbukenso mbatata yofiira mkati. Inafalitsidwa kwambiri m'dziko muno atapita madzi osefukira a chaka cha 2000, ndipo mu 2011 akatswiri a zaulimi anatulutsa mitundu 15 yopirira chilala. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A wambiri, amene amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Ikaphikidwa ndi yofewa, ngakhale amene mano anatha amadya bwino.

Pophika masamba tisawaphikitse, ndipo tichepetse soda ndi chidulo, chifukwa zimawononga mavitamini ena. Titendere ndi nsinjiro. Mchere nawo ukhale wochepa. Mlingo wa munthu wamkulu pa tsiku lonse ndi wosapitirira magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo matendawa ndi amene amabweretsa kufa ziwalo.

Kuti tione kufunika kwa kadimba kakang'ono, tibwerere ku zimene zinaonekera anthu a dziko lino pamene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo. Mu 1990, m'madera a kummwera kwa Malawi, othawa nkhondo oposa 18,000 anadwala matenda otchedwa pellagra. Khungu limada ndi kusuwuka pakhosi ndi pamikono, munthu amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka. Matendawa amagwira anthu odya chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Chaka chimenecho mtedza umene anthu ankalandira unasiya kufika kwa miyezi ingapo. Madokotala atafufuza anapeza kuti amene ankadya mtedza kapena nsomba, ndiponso amene anali ndi kadimba kawo, sankadwala kwambiri ngati anzawo. Kadimba kanapulumutsa anthu.

Dimba limatonthoza mtima

Agogo a lero ndiwo anali anyamata, atsikana ndi makolo achinyamata a nthawi imeneyo. Anthu a ku Mozambique oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munthu wozolowera kudya za m'manja mwake anayamba kuima pamzere ndi khadi kudikira ufa. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pakati pa 1993 ndi 1995 anthu anabwerera. Anapeza nyumba zitagwa, ng'ombe zitatha, minda itasanduka thengo. M'malo ena munthu ankaopa kugwetsa khasu pansi chifukwa cha mabomba okwirira. Dziko lathu linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba onse odziwika mu 2015.

Ife aphunzitsi anu tinabadwa zonsezi zitapita. Timazimva kwa inu, ndipo tikudziwa kuti zambiri simunatiuze. Zilipo zimene munthu anaona ndi maso koma pakamwa sizituluka. Zimenezi zimabweranso munthu akakalamba, makamaka akakhala chete opanda chochita.

Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dziko muno, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Munthu ankapereka mfuti, n'kulandira chida chogwirira ntchito. Anthu ambiri a kumidzi anali atayamba kale kudzichiritsa ndi khasu lomwelo. Anatema thengo, anakumbanso zitsime za m'madambo, anapemphana mbewu. Mpiru woyamba utamera, anadziwa kuti afikadi kwawo.

Kodi dimba limatonthoza bwanji mtima? Tiyeni tione zinthu zinayi.

Choyamba, limapatsa munthu chifukwa chodzukira m'mawa. Nazale siidikira. Ikapanda kuthiriridwa lero, mawa yafota. Munthu amene mbewu zikumudikira sanena kuti, "Ndilibenso ntchito pa dziko lino."

Chachiwiri, limapatsa maganizo njira. Maganizo a pakhonde ali ngati mbuzi ya pachingwe, imangozungulira pamalo amodzi mpaka udzu utatha. Ku dimba manja ali pa ntchito, maso ali pa mbewu, ndipo maganizo amabwera limodzilimodzi. Munthu amakumbukira amayi ake amene anamphunzitsa kusunga nthanga za maungu m'phulusa. Amakumbukira mnzake wa m'nyumba amene anabzala pichesi wa pakona. Akafuna kulira amalira, popanda womuseka, kenaka amapitiriza kuthirira. Mkwiyo umene anachoka nawo kunyumba umazizira. Nkhani ya m'banja imene inali yovuta usiku, pobwera ku dimba amakhala ataipezera mawu ake.

Chachitatu, limabwezera munthu ulemu wopatsa. Kukalamba kumapweteka pamene munthu amangolandira. Koma agogo amene amathyolera anansi mpiru, amene amatumizira mdzukulu tomato, amene amagulitsa anyezi pang'ono n'kudzigulira sopo, amayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba.

Chachinayi, limasonkhanitsa anthu. Madimba athu amakhala ondondozana m'mbali mwa mtsinje kapena m'dambo. Anthu amapatsana moni, amabwerekana ndowa, amauzana za maliro ndi za ukwati. Agogo akapanda kuoneka masiku awiri, oyandikana nawo dimba ndiwo amayamba kufunsa kuti kwagwanji.

Zimenezi sizichitika kuno kokha. Nonse munamva za Nelson Mandela wa ku South Africa, amene mu 1998 anakwatira Amayi Graça Machel a dziko lino. Iye anakhala m'ndende zaka 27. Ali pa chilumba cha Robben anapempha kamalo m'bwalo la ndende n'kubzala tomato, tsabola ndi anyezi. Mu 1982, ali ndi zaka zopitirira 60, anamusamutsira ku ndende ya Pollsmoor. Kumeneko anamuika pamwamba pa nyumba yosanja, popanda dothi. Anapempha migolo 16, inadulidwa pakati, n'kukhala miphika ikuluikulu 32. Anathiramo dothi ndi manyowa, ndipo analima kabichi, anyezi, mabilinganya, tomato ndi zina. Zokolola ankagawira akaidi anzake, ngakhalenso alonda omwe ankamulondera. Munthu wolandidwa ufulu wake anapeza pamene manja ake akanalamulabe. Ngati dimba linatheka m'migolo ya m'ndende, kodi lingalephereke kuseri kwa nyumba ya agogo?

Pali chinanso chimene dimba limaphunzitsa munthu wa imvi. Masamba a nyemba akauma amabwerera m'nthaka n'kudyetsa mbewu zina. Agogo obzala peyala ali ndi zaka 75 amadziwa kuti mwina odzadya zipatso zake ndi adzukulu. Amabzalabe, ndipo mtima wawo umakhala m'malo.

Kulima kosadzipweteka

Dimba ndi mankhwala ngati lili la mlingo wake. Likakula kupitirira mphamvu za mwini wake limasanduka goli. Tiyeni tigwirizane pa mfundo izi:

1. Dimba la agogo likhale laling'ono ndi lapafupi. Mabedi 3 kapena 4 ndi okwanira. Ngati dambo lili kutali, likhale kuseri kwa nyumba, lotchingidwa ndi mpanda chifukwa cha mbuzi ndi nkhuku.

2. Bedi lisapitirire mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lizifika pakati popanda kupondapo. Likhale lokwera, ndipo pambali pakhale kampando kapena chitsa chokhalira pozulira udzu.

3. Ntchito zolemera ndi za ana ndi adzukulu: kutipula, kumanga mpanda, kukumba chitsime ndi kututa manyowa a m'khola pangolo.

4. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Ndowa ya malita 20 ndi makilo 20 pamutu pa agogo. Tiwapezere kandowa ka malita 5. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

5. Tiphimbire mabedi ndi udzu wouma kapena masangwe a nyemba. Chinyezi chimakhalitsa, udzu woipa umachepa, ndipo kuthirira kumachepanso.

6. Nthawi yabwino ndi m'mawa ndi madzulo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chakuno chimawamba masamba, agogo adikire dzuwa lituluke. M'mwezi wa Okutobala apewe dzuwa la masana, avale chipewa ndipo atenge madzi akumwa.

7. Chitsime chikhale ndi poponda polimba ndi mtengo wogwirira. Tisaime nthawi yaitali m'madzi osayenda, chifukwa m'madzi otere mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

8. Tivale nsapato. Bala la khasu kapena la msomali litsukidwe msanga ndi sopo, ndipo tipite nalo kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Odwala shuga aziyang'ana mapazi awo madzulo aliwonse, popeza bala lawo limachedwa kupola.

9. Agogo asapope okha mankhwala ophera tizilombo. Ambiri maso anachepa mphamvu, ndipo zolembedwa pabotolo ndi zazing'ono. Pa kadimba kakang'ono mbozi tikhoza kuzitola ndi manja. Botolo la mankhwala lisasungidwe pamodzi ndi chakudya.

10. Nthawi ya ndiwo zambiri tifutse mfutso ndi kuusunga m'zikwatu, kuti agogo akadwala kapena madzi akaphwa asasowe ndiwo.

Dimba ndi chipatala ziyendere limodzi

Pano tinene mosabisa. Dimba silichotsa chipatala. Amene analandira mapiritsi a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga asawasiye chifukwa choti akumva bwino. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, kumadziwika poyezetsa. Amene wakhosomola kupitirira masabata 2 akayezetse chifuwa chachikulu. Amene wamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma ali pa ntchito, aleke pomwepo ndipo aperekezedwe kuchipatala.

Chisoni nachonso chikakula ndi matenda. Ngati agogo akukana chakudya, sakugona, sakufunanso ngakhale dimba limene ankalikonda, ndipo akunena zofuna kufa, tisaganize za ufiti. Tikhale nawo pafupi, timvetsere, ndipo tiwatengere kwa a zaumoyo.

Dimba lilowe m'kalasi

M'makalasi mwathu muli achikulire amene amati, "Mutu wanga unauma, zilembo sizingalowe." Agogo athu, mutu umene umadziwa mitundu yonse ya nyemba, nthawi yofesa anyezi, ndi kumene madzi amabisala m'dambo mwezi wa Okutobala, mutu umenewo sunaume. Inu muli ndi nzeru, ife tili ndi choko. Tiphatikize ziwirizi.

Pempho lathu ndi ili. Wophunzira aliyense asunge masamba angapo a kope lake kuti akhale a dimba. Alembe dzina la mbewu, tsiku lofesa, tsiku lowokera ndi tsiku loyamba kuthyola. Alembe zimene wadya, zimene wapatsa anzake ndi zimene wagulitsa. Mawu oyamba ndi osavuta: dimba, khasu, madzi, mbewu, mpiru. Amene dzanja limanjenjemera anene, mdzukulu alembe. Amene akufuna alembenso chiganizo chimodzi cha zimene anaganiza ali ku dimba tsiku limenelo.

Tilembenso mayina a mbewu zamakolo zimene zikusowa, ndi dzina la mudzi kumene zikupezekabe. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera bwino akalembedwa. Agogo akapita ndi nzeru zawo kumanda, sitidzazipezanso m'sitolo ya mbewu.

Kwa inu ana, akamwini, atengwa ndi adzukulu, mawu athu ndi awa. Pogawana malo, siyani gawo la agogo, ndipo likhale lapafupi ndi madzi. Mayi wamasiye asalandidwe dimba mwamuna wake akamwalira. Lamulo la Malo la chaka cha 1997 linavomereza kuti akazi ndi amuna omwe ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo amene akhala akulima. Mukawathandiza, thandizani pa zolemera zokha, koma chobzala asankhe okha. Zokolola ndi zawo. Akakupatsani ndiwo landirani ndi manja awiri.

Kwa mafumu ndi akuluakulu a midzi, tikupempha kuti muone achikulire amene alibe ana pafupi. Mutu umodzi susenza denga. Kalasi iliyonse isankhe anyamata ndi atsikana oti akatipule ndi kumanga mpanda kwa agogo otere chilimwe chisanafike. Ife aphunzitsi tidzakhala nawo pa ntchitoyo, makasu ali m'manja. Pamsonkhano wotsatira kalasi iliyonse idzatiwerengera kuchokera m'kope kuti madimba a agogo akonzedwa angati, ndipo mwamera chiyani.



Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu muli achikulire angati amene alibe dimba? Chifukwa chake nchiyani?

2. Ndi ntchito ziti za m'dimba zoyenera agogo, ndipo ndi ziti zoyenera ana?

3. Agogo athirira mphindi 20 m'mawa ndi mphindi 10 madzulo. Pa masiku 6 akhala atagwira ntchito mphindi zingati?

4. Tchulani ndi kulemba mayina 5 a ndiwo zamasamba zimene zimamera zokha m'dimba.